Pamene Mnyamata Adziona Yekha pa Kanema

Yense wokhala ku Kanyama, ku Chawama kapena ku George adziwa kuti mmodzi wa anyamata otchedwa majanki akagwidwa atatsomphola chikwama, apolisi asanafike n'komwe mafoni amakhala atakwezedwa kale, ndipo pofika m'mawa nkhope yake yotupa yazungulira mu Lusaka monse pa Facebook. Kujambula kotere n'komuchititsa manyazi basi. Koma chida chomwechi, chikakhala m'manja mwa mlangizi wodekha, m'chipinda chotseka, chingathe kugwira ntchito ina.

Njirayo inayamba ku America m'zaka za m'ma 1960, pamene akatswiri a za maganizo, monga Norman Kagan, anayamba kujambula zokambirana zawo ndi kuzibwereza pamaso pa eni ake. Achinyamata owerengeka amakhala mozungulira nakambirana za mkwiyo, chamba ndi za kwawo, pambuyo pake mlangizi aonetsa kachigawo kakafupi ka zimene wajambula, naimitsa, nafunsa kuti, “Apa mnzako akulankhula, iwe unakunga chibakera, mumtima munali chiyani?” Ndipo mnyamata amene akadakanitsitsa kwa mtuwagalu akadauzidwa ndi wamkulu, asowa pokanira, pakuti mboni yake ndi iye mwini.

Komatu nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Katswiri wina, Thomas Dishion, atajambula anyamata a ku Oregon akucheza ndi anzawo, anapeza kuti iwo amene ankasekerera nkhani zoswa malamulo ndiwo anapitirira kulakwa m'zaka zotsatira, ndipo mu 1999 iye ndi anzake anachenjeza kuti kusonkhanitsa ana opulupudza pamodzi kungathe kuwaonjezera upandu. Chifukwa chake mlangizi wanzeru sathamangira kuonetsa zoipa, zimene gulu lingaziombere m'manja. Asankha mphindi ija, ngakhale ikhale yaifupi motani, pamene wolusa uja anatchera khutu, kapena anapatsa mnzake mpando. Ine ndiyesa kuti luso lonse lagona pa kusankhako.

Zambia ali ndi sukulu zowongolera ana ku Nakambala m'boma la Mazabuka, ndi ku Katombora, ndipo lamulo la ana la 2022 lilimbikitsa kuti olakwa pang'ono athandizidwe kwawo osawatsekera. Foni ilipo kale m'makomboni. Chofunika ndi chilolezo cha mwana ndi makolo ake, ndi pangano lolimba lakuti zojambulazo zifufutidwe gulu lisanabalalike.