Ulendo woyamba wa khanda pa msewu wa Mchinji

Uthengawo udafika usiku pa WhatsApp kuchokera ku Johannesburg, uli ndi zithunzi ziwiri. Choyamba chidali chikuku cha mwana cha matayala anayi, pamwamba pake pali kabedi koti khanda lizigonamo chagada. Chachiwiri kadali kampando kooneka ngati dengu, ka chogwirira ndi malamba, komangirira m'galimoto. Pansi pake mlamu wanga adalemba kuti: "Alamu, ndalama ikukwana chimodzi basi. Mayi akunyumba akuti ndifunse inu. Nditumize chiti?"

Mayi akunyumbawo ndi mchemwali wanga, yemwe panthawiyo adali woyembekezera mwana wachisamba. Amakhala kumudzi, mtunda ndithu kuchoka pa tala wa pa Msundwe, komwe mvula ikagwa ngakhale ngolo imayenda mopupuluma. Pakhomo pawo palibe galimoto. Ndidayamba ndaseka, poganiza kuti Joni wawasokoneza alamu. Koma kutacha ndidaona kuti funso lawo lidali ndi mutu, chifukwa masiku ano khanda la ku Msundwe limayenda ulendo lisanathe ndi masiku atatu omwe.

Kale sizidali choncho. Mwana ankabadwira m'mudzi, m'manja mwa azamba, ndipo iye ndi mayi wake ankabindikira m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Msewu ankauona atakhwimako. Mu 1992, kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino adapeza kuti ana 55 mwa 100 alionse ndiwo ankabadwira kuchipatala. Mu 2007 boma lidaletsa azamba kubereketsa, mafumu ambiri nayamba kulipitsa chindapusa mayi wochirira pakhomo, ndipo pofika mu kafukufuku wa 2015-16 chiwerengero chija chidali pa 91. Zimenezi zapulumutsa amayi ndi ana ochuluka. Koma zabweretsanso ulendo umene agogo athu sankaudziwa: kuchoka ku St Gabriel's ku Namitete, chipatala chimene masisitere a ku Luxembourg adayambitsa mu 1959, kapena ku Kabudula, ku Nambuma, ku Bwaila mumzinda, kubwerera kumudzi ndi mwana wa tsiku limodzi kapena awiri.

Imani pachipata cha chipatala chilichonse mwa izi m'mawa muone. Akabaza a njinga zamoto andanda. Mayi akutuluka pang'onopang'ono, mabala asanapole, atafukata khanda lokulungidwa m'zitenje ziwiri ndi shawelo. Akhala kumbuyo kwa wakabaza, manja onse awiri ali pa mwana, palibe pogwira, chipewa choteteza mutu palibe. Apongozi kapena agogo amene amawadikirira akwera njinga ina, beseni ndi mapoto zili pamiyendo. Mawu otsanzikana amakhala amodzimodzi nthawi zonse: "Achimwene, muyende bwinobwino, mwanyamula khanda." Wakabaza avomera mwaulemu, koma akafika pa M12, msewu wa Mchinji uja, akumana ndi mathiraki opita ku Mchinji ndi kuchipata cha Mwami, ndi maminibasi olimbirana okwera, omwe sadziwa kuti m'shawelomo muli munthu.

Pa funso la alamu lija, tiyambe ndi chikuku, chifukwa nkhani yake ndi yaifupi. Ubwino wake ndi woti khanda limagona mowongoka, msana uli phee, mpweya ukuyenda bwino, ndipo madokotala amalimbikitsa kagonedwe kotere pa miyezi yoyambirira. Koma chikuku chidapangidwira malo osalala. Choyamba chodziwika adachipanga ndi William Kent ku England mu 1733, kupangira ana a mfumu ina yachuma ya kumeneko kuti aziyendera m'minda yamaluwa. M'tinjira ta pakati pa mizere ya mtedza ndi fodya, pamchenga wa m'chilimwe ndi matope a mu Januwale, matayala akewo sangakufikitseni ndi kudimba komwe. M'minibasi kondakitala adzachilipiritsa ngati katundu. Ndawonapo zikuku zingapo m'midzi: china chidasanduka chosungiramo zovala, china ana ankakankhirana pabwalo mpaka tayala lidaguluka. Ntchito yonyamula mwana poyenda pansi chitenje chidaitha kalekale, ndipo chimasiya manja a mayi ali omasuka kuti asenze ndowa.

Chitenjecho tisachipeputse ngati chinthu cha osauka. Mu 1978, dokotala wina wa ku Bogotá m'dziko la Colombia, Edgar Rey Sanabria, atasowa makina ofunditsira ana obadwa masiku asanakwane, adayamba kuwaika pachifuwa pa amayi awo, khungu kukhudza khungu, n'kuwamanga ndi nsalu. Njirayi, imene anamwino athu amaitcha kangaroo, idayamba kuno pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo lero yafalikira m'zipatala zambiri. Kafukufuku amene adachitika m'maiko asanu, kuphatikizapo pa Queen Elizabeth ku Blantyre, adasonyeza mu 2021 kuti kuyamba njirayi mwana atangobadwa kumachepetsa imfa za ana ochepa thupi kwambiri ndi 25 pa 100 alionse. M'dziko ngati lathu, limene lipoti la 2012 lidaliika patsogolo pa maiko onse pa ana obadwa osakwana masiku, nsalu ya mamita awiri ikuchita zimene chikuku cha ndalama zambiri sichingachite.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene chitenje ndi manja a mayi sizingathe, ndipo apa ndi pamene kampando kaja kamalowera. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola ikagunda chinthu n'kuima mwadzidzidzi, chilichonse chosamangidwa chimapitirira ndi liwiro lomwelo. Khanda la makilogalamu atatu limakoka manja ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwake kuchulukitsa pafupifupi ka 30, kutanthauza kuti pafupifupi matumba awiri a chimanga, m'kuphethira kwa diso. Palibe mayi angagwire zimenezo, ngakhale amukonde bwanji mwana wake. Ena amadzimanga lamba mmodzi pamodzi ndi mwanayo, osadziwa kuti pangozi thupi lawo lomwe ndilo lidzamuphwanyira palambapo.

Kampandoka kamayang'ana kumbuyo, ndipo sikuti ndi kukongoletsa. Mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, khosi lake n'losakhwima. Likakhala chofulatira kutsogolo, mphamvu ya ngozi imagawika pamsana ponse ndi kunkhongo m'malo mothyola khosi. Nzeru imeneyi idachokera kwa Bertil Aldman wa ku Sweden, yemwe mu 1964 adapanga mpando wotere ataona mmene anthu opita m'mlengalenga amagonera chagada chombo chawo chikamanyamuka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mipando ya ana imachepetsa imfa za makanda pangozi zapamsewu ndi 71 pa 100 alionse.

Komabe kampando si bedi. Khanda limakhalamo mopindika pang'ono, ndipo likagona nthawi yaitali chibwano chimagwera pachifuwa n'kupanikiza njira ya mpweya, makamaka kwa mwana wobadwa masiku asanakwane. N'chifukwa chake opanga mipandoyi amalangiza kuti mwana asapitirire maola awiri alimo, ndipo wa masiku ochepa azitulutsidwa msanga kuposa apo. Mukafika pakhomo, mwana agone chagada pogona pake, m'neti. Malamba ake agwire thupi, shawelo ibwere pamwamba pa malambawo, osati pansi, ndipo nkhope ikhale poyera. Chizolowezi chathu chofunditsa khanda mpaka kumutu poopa mphepo n'choopsa apa. Kampando kotere sikaikidwa kumpando wakutsogolo kumene kuli airbag (thumba lofufuma pangozi) yogwira ntchito. Ka pakaunjika nako n'kokayikitsa: simungadziwe ngati kadachitapo ngozi kumene kachokera, ndipo ming'alu ya pulasitiki sionekera kunja.

Vuto lalikulu ndi loti kampando kamafuna galimoto ya malamba. Panjinga yamoto kalibe ntchito, m'minibasi ya anthu anayi pamzere kalibe malo. Ma Sienta ndi tigalimoto tina tochokera ku Japan timene tikunyamula anthu pakati pa Lilongwe, Mpingu, Msundwe ndi Namitete malamba akumbuyo tili nawo, kungoti ambiri adakwiririka pansi pa mipando chifukwa palibe amawafunsa. Ine sindidaonepo wapolisi parodibuloko akufunsa za mpando wa mwana. Choncho amene akufuna kuteteza khanda lake ayenera kupangana ndi dalaivala pasadakhale, kuchita hayala galimoto yonse, n'kufukula malambawo tsiku lisanafike. Ndalama yake ndi yowawa, koma banja lomwe limasungira mwana zitenje, beseni ndi sopo kwa miyezi ingapo lingathe kuikanso padera ya ulendo umodziwu.

Ku Australia, kumene timipando totere tidayamba kutchuka m'zaka za m'ma 1980, makolo ambiri sagula. Amabwereka kwa miyezi ingapo n'kubweza mwana akakula. Ife kubwerekana timakudziwa kuposa iwo. Mapoto a paukwati, mipando ya pamaliro, ngolo, zonse zimayenda khomo ndi khomo. Gulu limodzi la banki m'khonde kapena la amayi a mpingo likhoza kugula kampando kamodzi kamene kangatulutse makanda a mudzi wonse kuchipatala kwa zaka zingapo.

Alamu ndidawayankha kuti chikuku achisiye komweko ku Joni, atumize kampando katsopano ka m'sitolo, ndipo chenji chake chikhale cha hayala. Mchemwali wanga adachira bwino, mwana wamkazi. Mwanayo adafika pakhomo ali kumpando wakumbuyo wa Sienta, atafulatira msewu, agogo ake ali pambali akung'ung'udza kuti mwana wamunthu samangidwa ngati mbuzi yopita kumsika. Atangotsika adamumasula n'kumufukata. Kampandoko pano kali ku Nsaru, kwa msuweni wathu amene akudikira mwezi wamawa.