Ntchito ya m'Nyumba Yofululira Vinyo pa Nthaŵi Yokolola

M'chigawo cha Western Cape, m'dziko la South Africa, mphesa zimapsa kuyambira kumapeto kwa Januwale kufikira mu Epulo. Vinyo woyamba kumeneko anamfinya pa 2 Febuluwale 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck, ndipo lero minda ya mphesa yadzaza zigwa za Stellenbosch ndi Paarl. Ambiri amatama munda ndi mwini wake, koma ubwino wa vinyo umagona m'manja mwa anthu ogwira ntchito m'nyumba yofululira, amene pa masabata ameneŵa tulo amangolaŵa.

Ntchito imayamba kusanache. Otchola amadula matsango m'mamaŵa, pakuti mphesa zotenthedwa ndi dzuŵa zimayamba kusasa zisanafike n'komwe. Zikafika, antchito amaziyeza pa sikelo, nachotsa zoola ndi masamba, kenaka makina amapulula zipatso ku timitengo take ndi kuziphwanya pang'ono. Tani imodzi ya mphesa imatulutsa vinyo wokwana pafupifupi malita 700.

Apa njira zimasiyana. Pofulula vinyo woyera amafinya mphesa nthaŵi yomweyo, madzi okha ndiwo amaloŵa m'thanki. Koma vinyo wofiira amaŵira pamodzi ndi makoko ake, popeza kufiira kwake kuli m'makokomo. Madzi a mphesa zambiri zakuda ngoyera.

Yisiti akayamba kudya shuga, amatulutsa zinthu zitatu: ukali wa moŵa, kutentha, ndi mpweya wotchedwa carbon dioxide. Mpweyawu umakankhira makoko pamwamba, nauma ngati chikhakha cha phala. Akasiyidwa chotero, vinyo satenga mtundu ndipo akhoza kusanduka viniga. Choncho antchito amawamiza ndi mitengo yaitali, kapena amapopa vinyo wapansi n'kumuthira pamwamba. Pa munda wa Kanonkop, kufupi ndi Stellenbosch, amamiza makoko ndi manja m'matanki asimenti osavundikira pa maola aŵiri alionse, usana ndi usiku.

Wina amayendera thanki iliyonse kuyeza shuga wotsala ndi kutentha, nalemba m'buku. Vinyo wofiira amafuna madigiri 25 kufikira 30, pamene woyera amamsunga pansi pa madigiri 18. Kutentha kukapyola muyeso yisiti amafa, ndipo thanki yonse imaima panjira shuga asanathe.

Komabe ntchito imene imadya nthaŵi yambiri ndiyo kutsuka. Mayi wofulula masese amadziŵa kuti mbiya yosatsuka imasasitsa moŵa. Momwemonso mpope umodzi wauve ukhoza kuononga malita zikwizikwi. Nchifukwa chake wophunzira ntchito amayamba ndi burashi ndi madzi, tsiku lonse ali m'jombo, asanaloledwe kukhudza vinyo.

Ngozi yaikulu imadza kuŵira kukatha, pamene munthu ayenera kuloŵa m'thanki ndi fosholo kukatapa makoko opita kofinyira. Akulu anati tsoka silinunkha. Mpweya uja suoneka, ndipo pokhala wolemera kuposa mpweya wabwino, umakhazikika pansi. Woloŵa mosasamala amakomoka asanaitane n'komwe, ndipo kaŵirikaŵiri mnzake wothamangira kukampulumutsa amagweranso pomwepo. Anthu afa motere m'maiko ambiri ofulula vinyo. Lamulo lake ndi ili: atsegule zitseko zonse, apemerere mphepo ndi makina, ayeze mpweya, woloŵayo amange chingwe, ndipo wina aime panja osachoka.

Potsiriza vinyo amamtsanula kumlekanitsa ndi nsenga, namthira m'migolo yamatabwa ya malita 225, m'mene wofiira amakhala chaka kapena kupitirira. Pofika Meyi phokoso la makina lazirala, ndipo antchito aganyu abwerera kwawo zikhatho zitada ndi madzi a mphesa. Maina awo salembedwa pa botolo, koma zimene anasamala kapena kulekerera usiku umodzi wa Febuluwale, wakumwa adzazimva pa lilime patapita zaka.