Mwana wodwalitsitsa asadikire pamzere

Ana ambiri amene amamwalira m'chipatala amamwalira pasanathe maola 24 chifikireni, ndipo ena amatsirizikira pabenchi akudikira kuonana ndi dokotala. N'chifukwa chake panakhazikitsidwa njira ya ETAT, yosankha ana potengera kukula kwa matenda awo, osati nthawi imene afikira.

Njirayi inayesedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, ndipo bungwe la WHO linaisindikiza mu 2005. Chipatalachi chitakonza malo olandirira ana mu 2001 ndi kuphunzitsa ogwira ntchito, imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 pa 100 aliwonse kufika pa 6 mpaka 8.

Zizindikiro zoopsa

Kuona mwana mmodzi kumatenga masekondi 15 mpaka 20. Yambani ndi mpweya: kodi watsamwa, akubanika kwambiri, kapena milomo ndi lilime zabiriwira? Kenako gwirani dzanja lake. Ngati lazizira, tsinani chikhadabo kuti chiyere, n'kusiya. Magazi akatenga masekondi oposa 3 kubwerera, ndipo mtsempha ukugunda mofooka ndi mofulumira, magazi sakuyenda bwino. Onaninso ngati wakomoka kapena akuphupha. Kwa wotsekula m'mimba, zizindikiro ziwiri mwa izi zikutanthauza kuti madzi atha kwambiri m'thupi: kulefuka, kulowa kwa maso, ndi khungu lochedwa kubwerera mukalitsina.

Mwana wotereyu alandire chithandizo nthawi yomweyo. Zolembetsa zibwere pambuyo. Wokomoka ayezedwe shuga. Ngati wachepa, kapena palibe choyezera, apatsidwe 5 ml ya dextrose 10% pa kilogalamu iliyonse.

Oyenera kutsogozedwa

Ena sali pangozi yomweyo, koma aikidwe kutsogolo kwa mzere: khanda losakwana miyezi 2, wotentha thupi kwambiri, wa zikhato zoyera, wonyentchera, wotupa mapazi onse awiri, wopsa ndi moto, womwa poizoni, wovulala, ndi wobwera ndi kalata yochokera ku chipatala china.

Samalani ndi dilipi

Kafukufuku wa FEAST wa mu 2011, wochitika ku Kenya, Uganda ndi Tanzania pa ana oposa 3,000 otentha thupi, anapeza kuti amene anapatsidwa madzi ambiri a m'dilipi mofulumira anamwalira ochuluka kuposa amene sanapatsidwe. Motero malangizo a WHO a 2016 amati madzi otere apatsidwe kwa mwana yekhayo amene ali ndi zizindikiro zonse zitatu za kusayenda bwino kwa magazi. Wonyentchera amafunika kusamala koposa, chifukwa mtima wake ndi wofooka.

Ntchito ya tonse

Kusankha odwala sikulira dokotala. Mlangizi wa zaumoyo, wolembetsa odwala, mlonda wa pageti kapena volontiya, akaphunzitsidwa, akhoza kuzindikira zizindikirozi n'kuitana namwino. Yendani pamzere pafupipafupi ndi kupempha amayi kuti avundukule ana amene ali kumbuyo, chifukwa mwana amene anali bwino m'mawa akhoza kusinthika akudikira.