Othawa ku Hungary analandiridwa msanga, a m'makomboni a ku Wedza anadikira zaka zambiri

WEDZA, Zimbabwe – Msewu wochokera m'tauni ya Marondera kulowera kummwera umadutsa m'minda ikuluikulu imene kale inali ya azungu olima fodya ndi chimanga, mpaka kukafika kufupi ndi phiri la Wedza, kumene amisiri akale ankakumba miyala ya chitsulo chosulira makasu atsamunda asanabwere. Chigawo chimenechi chalandirapo anthu ambiri amene sanachoke kwawo mwa kufuna kwawo. Ena ochepa anachokera ku Ulaya pothawa maboma ankhanza. Ochuluka anachokera kutsidya kwa mtsinje wa Zambezi, ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Onsewa anafika chimanjamanja, koma malamulo sanawaone mofanana.

Kuti kusiyana kumeneku kumveke bwino, nkhani iyenera kuyambira kutali, mumzinda wa Budapest ku Hungary, chifukwa zimene zinachitika kumeneko mu 1956 ndi zimene zinakhazikitsa njira yolandirira anthu othawa kwawo imene mayiko akutsatirabe.

Pa 23 Okutobala 1956, ophunzira a m'sukulu zaukachenjede ku Budapest anachita chionetsero chofuna ufulu wolankhula, zisankho za zipani zambiri, komanso kuti asilikali a Soviet Union achoke m'dziko lawo. Madzulo a tsikulo apolisi achinsinsi anawombera khamu la anthu pa nyumba ya wailesi, ndipo chionetsero chija chinasanduka kuukira boma. Imre Nagy, amene anakhala nduna yaikulu m'masiku amenewo, analengeza kuti Hungary ikutuluka mumgwirizano wa asilikali wa Warsaw. Pa 4 Novembala akasinja a Soviet Union analowa mumzindamo. Anthu a ku Hungary pafupifupi 2,500 anafa pa nkhondoyo, ndipo Nagy ananyongedwa mu Juni 1958.

Banja limene linali ndi mwana amene anagwira mfuti, kapena bambo amene analankhula pa msonkhano wa antchito, linali ndi masiku ochepa oti liganize chochita. Mwayi unalipo umodzi: miyezi ingapo m'mbuyomo boma linali litachotsa mabomba okwirira pansi m'malire a dzikolo ndi Austria. Mabanja ankakwera sitima kapena malole kupita m'matauni a kumadzulo monga Győr ndi Sopron, osanyamula katundu wambiri poopa kukayikiridwa. Kuchokera pamenepo ulendo unali wapansi, usiku, m'madambo ozizira a mwezi wa Novembala, nthawi zambiri motsogozedwa ndi alimi a m'deralo. Makolo ena ankamwetsa makanda mankhwala ogonetsa kuti asalire pafupi ndi alonda. Pa kamlatho kamatabwa ka pa ngalande ya pafupi ndi mudzi wa Andau panadutsa anthu pafupifupi 70,000, ndipo asilikali anakaphulitsa pa 21 Novembala. Pofika kuchiyambi kwa 1957, anthu pafupifupi 200,000 anali atatuluka m'dziko la anthu osakwana 10 miliyoni. Mwa iwo, 180,000 analowa ku Austria ndipo 20,000 ku Yugoslavia.

Apa panabuka vuto la malamulo. Pangano la United Nations lokhudza othawa kwawo, la mu 1951, linkateteza okhawo amene anathawa chifukwa cha zochitika za m'mbuyo mwa 1 Januwale 1951. Linkaganiziranso zoti munthu aliyense azifunsidwa payekha chifukwa chimene wathawira. Akatswiri a malamulo a bungwe la UNHCR, motsogozedwa ndi Paul Weis, anamasulira kuti kuthawa kwa mu 1956 kunali chipatso cha kulanda boma kumene chipani cha chikomyunizimu chinachita cha m'ma 1947 ndi 1948, choncho anthuwo anali oyenera chitetezo. Ndipo poti kunali kosatheka kufunsa anthu zikwizikwi mmodzimmodzi m'misasa monga wa Traiskirchen, onse analandiridwa monga gulu. Njira imeneyi yolandira anthu monga gulu ndi imene inadzathandiza Malawi pamene inasunga anthu oposa 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique. Malire a chaka cha 1951 aja anachotsedwa mu 1967, ndipo mu 1969 bungwe la OAU linawonjezera kuti wothawa nkhondo, ulamuliro wa atsamunda kapena chipwirikiti nayenso ndi woyenera kutetezedwa.

Chodabwitsa kwambiri pa nkhani ya Hungary ndi liwiro. M'miyezi yosakwana itatu, anthu pafupifupi 100,000 anali atachoka kale ku Austria kupita kumayiko ena, ndipo pamapeto pake mayiko 37 anawalandira. Canada inatenga oposa 37,000, United States nayo chiwerengero chofananirapo, Britain pafupifupi 20,000, pamene South Africa inatenga oposa 1,000. Ophunzira ndi aphunzitsi a sukulu ya zankhalango ya ku Sopron anasamukira pamodzi ku yunivesite ya British Columbia ku Canada, nakapitiriza maphunziro m'chinenero chawo. Katswiri wa mpira Ferenc Puskás, amene anali kunja ndi timu yake ya Honvéd, anakana kubwerera. Mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi anadutsa malire n'kukamupeza, koma iye anatha nthawi yaitali ali woletsedwa kusewera, mpaka pamene Real Madrid inamutenga mu 1958 ali ndi zaka 31.

Sikuti moyo watsopanowo unali wofewa. Chinenero cha ku Hungary sichifanana ndi cha dziko lililonse limene anapitako, ziphaso za maphunziro za ambiri sizinavomerezedwe, ndipo amene anasiya makolo okalamba anatha zaka asanawaonenso. Komabe anapatsidwa zinthu zitatu zimene zimasintha wothawa kukhala mwini mudzi: chilolezo chokhala, ufulu wogwira ntchito, ndi njira yopezera unzika. Kunena mosapsatira, chifundo chimenechi chinali ndi zifukwa zake. Mayiko a kumadzulo ankafuna kuchititsa manyazi Soviet Union, mafakitale awo ankasowa antchito, ndipo othawawo ambiri anali achinyamata, ophunzira, komanso azungu.

Chigawo cha Marondera ndi Wedza chinali chitaona kale anthu otere zaka zoposa khumi m'mbuyo mwake, ngakhale kuti iwo anachokera ku Poland. Mu 1940 ndi 1941, boma la Soviet Union linasamutsa mokakamiza mabanja ambiri a ku Poland kupita nawo ku Siberia ndi ku Kazakhstan. Atamasulidwa, ena anatulukira ku Iran, ndipo kuyambira mu 1942 boma la Britain linatumiza pafupifupi 18,000, makamaka amayi ndi ana, kumayiko a mu Africa amene linkawalamulira. Ku Southern Rhodesia anaikidwa ku Marandellas, imene lero ndi Marondera, ku Rusape, ndi ku Digglefold kumene kunali sukulu ya atsikana. Ku Northern Rhodesia misasa inali ku Lusaka, Bwana Mkubwa, Abercorn ndi Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Nkhondo itatha, ambiri anakana kubwerera ku Poland yolamulidwa ndi chikomyunizimu. Atsamunda a ku Rhodesia nawo sanafune kuti akhale ambiri, chifukwa ngakhale ankafuna kuchulukitsa azungu, ankakonda ochokera ku Britain, ndipo ankaopa kuti azungu osauka atsitsa ulemu wa mzungu pamaso pa anthu akuda. Motero ochuluka anapita ku Britain, Canada ndi Australia, kumene anadzakhala nzika.

M'zaka zomwezo, mafamu a fodya a m'chigawochi ankadalira thukuta la anthu ena ochokera kutali amene palibe anawatcha othawa kwawo. Lamulo logawa malo la mu 1930 linali litapereka nthaka yabwino kwa azungu, ndipo Ashona ambiri, okankhidwira m'malo amchenga, sankafuna kugwira ntchito ya malipiro ochepa pa nthaka imene analandidwa. Eni mafamu anayang'ana kumpoto. Ku Nyasaland amuna ankathawa msonkho wa nyumba ndi thangata la m'minda ya azungu ya kumapiri a Shire. Ku Tete ndi madera ena a Mozambique ankathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ndi ulimi wa thonje wokakamiza. Njala ya mu 1949 inawonjezera chiwerengero chawo. Ena anayenda pansi milungu ingapo, ena anakwera malole aulere a boma la Southern Rhodesia amene anthu ankangowatcha Ulere, ndipo kuyambira mu 1946 ena analembedwa ndi bungwe lolemba antchito limene linkadziwika kuti Mthandizi.

Munthu wothawa chikoti cha Mpwitikizi anali ndi chifukwa chomveka ngati cha banja lothawa apolisi achinsinsi a ku Budapest. Koma m'mabuku a boma iye analembedwa kuti ndi wantchito wobwera, woyembekezeka kubwerera kwawo mphamvu zikatha. Ambiri sanabwerere. Anakwatira, anabereka ana m'makomboni, anasanduka matchona. Anakhazikitsa madambwe a gule wamkulu, mizikiti ya Ayao ndi mipingo yopemphera m'Chichewa, komanso magulu othandizana pa maliro. Chimene analibe ndi mudzi. Mshona wogwira ntchito pa famu anali ndi kwawo kumene akanapita akakalamba kapena akachotsedwa ntchito. Mwana wa mtchona kwawo kunali pa famu pomwepo, m'nyumba ya bwana.

Kufooka kwa moyo wotere kunaonekera poyera nkhani ya malo itafika pachimake. Mu Juni 1998, anthu a mfumu Svosve, oyandikana ndi Wedza, analowa m'mafamu ena a azungu ponena kuti ndi nthaka ya makolo awo, ndipo dandaulo lawo linali ndi maziko. Kuyambira mu 2000 kulanda mafamu kunafalikira dziko lonse. Pa nthawiyo m'mafamu akuluakulu munali antchito oposa 300,000, osawerengera mabanja awo, ndipo gawo lalikulu ndithu linali la zidzukulu za anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kafukufuku amene Lloyd Sachikonye anachitira bungwe la Farm Community Trust of Zimbabwe mu 2003 anapeza kuti pafupifupi 200,000 anali atataya ntchito, ndipo amene anapatsidwako malo sanafike 5 pa 100 alionse. Eni mafamu achizungu anataya minda ndi nyumba, ena anamenyedwa ndipo ena anaphedwa, koma ambiri anali ndi kolowera: ku Harare, ku Britain, ku Australia, kapena ku Zambia ndi Mozambique kumene anakayambanso ulimi. Antchito awo anatsala m'makomboni monga alendo a eni malo atsopano, kapena anapita kokakumba golide ndi kokagwira maganyu.

Kenaka mu 2001 nyumba ya malamulo inasintha lamulo la unzika. Aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina anapatsidwa miyezi 6 kuti akane unzika winawo motsatira malamulo a dzikolo, apo ayi ataya unzika wa Zimbabwe. Munthu wobadwira pa famu ku Wedza, amene sanapondepo ku Dedza kapena ku Angónia, ankayenera kupita ku ofesi ya kazembe ku Harare kukakana unzika umene sanakhalepo nawo. Ambiri sanamve n'komwe za lamuloli, ena analibe ndalama yoyendera. Zitupa zawo zinakhala ndi chizindikiro cha mlendo, ndipo ambiri sanaloledwe kuvota pa chisankho cha mu 2002. Kusintha kwina kwa lamuloli mu 2003 kunafewetsako zinthu kwa ana a antchito ochokera m'mayiko a SADC, koma sikunathetse vutolo.

Yankho lenileni la m'malamulo linabwera mu 2013. Malamulo atsopano oyendetsera dziko la Zimbabwe anati munthu wobadwira m'dzikomo malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC ndipo iye amakhala m'Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa. Malamulo omwewo anaika Chichewa pa mndandanda wa zinenero 16 zovomerezeka m'dzikomo. Kuchokera pamene bungwe la Mthandizi linayamba kulemba antchito kufika pamenepa panali patadutsa zaka 67.

Chotsalira ndi mapepala. Kuti munthu asinthe chitupa ayenera kusonyeza chikalata cha kubadwa, ndipo kuti apeze chikalatacho amafunsidwa umboni wa makolo ake. Ambiri mwa anthu a m'makomboni anabadwira m'nyumba, osati m'chipatala, kwa makolo amene nawonso analibe zikalata ndipo anamwalira kalekale. Mayi wopanda chitupa amavutika kulembetsa mwana wake, ndipo mwana wopanda chikalata amavutika kulemba mayeso a boma. Lipoti la bungwe la Amnesty International la mu 2021, potengera chiwerengero cha UNHCR, linati anthu pafupifupi 300,000 m'Zimbabwe anali pa chiopsezo chokhala opanda dziko, ndipo pakati pa magulu awiri akuluakulu amene linatchula panali zidzukulu za antchito a m'mafamu ndi m'migodi ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia.