Zinanyamuka zinayi, inafika imodzi

Monga mwa nthawi zonse, zomwe mwamva tazilembanso pano kuti amene mukuphunzira Chichewa muziwerenga pang'onopang'ono. Mawu ena akakuvutani musathamangire foni. Yambani mwafunsa amami kapena adadi. Akuyankhani ndithu, ndipo awonjezera nkhani ina yomwe simunafunse.

Nkhani ya lero inayambira pa chakudya chamadzulo. Mnzanga wina wa kuntchito, amene timalemba naye mapulogalamu a kompyuta, ali mu kalabu ya anthu okonda kuyendetsa galimoto m'malo opanda tala. Loweruka lina ananditenga. Tinapita kumatope kwinakwake ku Shropshire, tinatitimira kawiri, tinakokedwa ndi chingwe kawiri, ndipo ndinabwerera kunyumba nsapato zosadziwika mtundu. Anthu a mu kalabu imeneyi maloto awo ndi amodzi: tsiku lina adzakwere milu ya mchenga ya ku Morocco, mwinanso adzalowe mpikisano wa Dakar weniweniwo.

Nditawafotokozera adadi, anaima kudya, mbamu ya nsima ili m'manja.

"Ndiye kuti munalipira ndalama kuti mukatitimire?"

"Eya, adadi."

"Iwe, kwathu zimenezo n'zaulere. Umangodikira Januwale basi."

Tonse tinaseka, koma funso lawolo silinandichoke m'mutu. Munthu wanzeru zake amasiyiranji msewu wabwino n'kukafuna mchenga? Nditayamba kufufuza ndinapeza kuti nkhaniyi ikudutsa pakhomo pathu penipeni.

Galimoto ya pa Lode Lane

Ambirife timadutsa ku Solihull osaganizako, koma pa Lode Lane ndi pamene Land Rover inabadwira. Mu 1947 nkhondo inali itangotha kumene ndipo zitsulo zinali zosowa. Maurice Wilks, katswiri wa kampani ya Rover, ankagwiritsa ntchito Jeep yakale ya asilikali a ku America pa famu yake ku Anglesey. Anaganiza zopanga galimoto yakeyake yogwira ntchito ngati imeneyo, ndipo amati chithunzi choyamba anachijambula pamchenga wa kugombe la Red Wharf Bay. Poti zitsulo zinali zovuta kupeza, thupi la galimotoyo analipanga ndi aluminiyamu wotchedwa Birmabright, wopangidwa ku Birmingham konkuno. N'chifukwa chake Land Rover zakale zimakalamba thupi lisanadyedwe ndi dzimbiri.

Galimotoyi anaionetsa koyamba ku Amsterdam pa 30 Epulo 1948. Kuchokera apo inapita kulikonse komwe kunalibe tala, kwathu komwe. Funsani makolo anu. Kwa ena Land Rover inali ambulansi, kwa ena inali ya abambo a ku mishoni, kwa ena inali ya apolisi, yomwe ikaima pakhomo mudzi wonse umangoti zii. Defender yomaliza ya mtundu wakalewo inatuluka mu fakitale ya Solihull pa 29 Januwale 2016.

Dakar ndi chiyani kwenikweni?

Mu 1977 mnyamata wina wa ku France, Thierry Sabine, anasochera m'chipululu ali pa njinga yamoto pa mpikisano wochokera ku Abidjan kupita ku Nice. Atapulumutsidwa sanalumbire kuti mchenga wausiya. Anabwerera ndi maganizo oyambitsa mpikisano wake. Pa 26 Disembala 1978, galimoto ndi njinga zamoto zokwana 182 zinanyamuka ku Paris, ndipo zomwe zinafika ku Dakar, likulu la Senegal, zinali 74 zokha. Yoyamba mwa galimoto zonse inali Range Rover, yopangidwa ku Solihull, woyendetsa wake Alain Génestier. Mu 1981 Range Rover inapambananso, René Metge ali pa chiwongolero.

Dzina linatsala koma njira inasintha. Mu 2008 mpikisanowu unalephereka chifukwa cha ziopsezo za zigawenga ku Mauritania. Kuyambira 2009 mpaka 2019 unkachitikira ku South America, ndipo kuyambira 2020 uli ku Saudi Arabia. Sabine mwiniwake anafera pa mpikisano wake womwewo mu 1986, helikopita yomwe anakwera itagwa ku Mali.

Ine monga munthu wa makompyuta, chomwe chinandidabwitsa ndi ichi: saloledwa kungoyatsa mapu a pa foni n'kumatsatira. M'galimoto mumakhala anthu awiri. Wina amayendetsa, wina amawerenga buku la njira, lomwe lili ndi tizithunzi, makilomita ndi manambala a kampasi. M'chipululumo muli malo obisika omwe galimoto iyenera kudutsapo, ndipo kachipangizo ka GPS kamayamba kukulozera pokhapokha ukayandikira. Ukaphonya malo amodzi amakuwonjezera nthawi ngati chilango. Ukaphonya ambiri amakuchotsa. Ndiye kuti ukhoza kukhala dalaivala wodziwa kuposa onse, koma mnzako wa pambaliyo akalakwitsa nambala imodzi, nonse mwasochera.

Mchenga nawonso uli ndi malamulo ake. Usanalowemo umaphwetsako matayala kuti atambalale, apo ayi amangokumba dzenje. Mmawa mchenga umakhala wolimbako, masana dzuwa likauwotcha umafewa. Ukakwera mulu mwaliwiro kwambiri umauluka osadziwa chomwe chili kuseri, ukakwera mozengereza umakhala pamimba pamwamba penipeni, matayala onse anayi akungozungulira m'mwamba. Zikatero injini ilibenso mawu. Umatsika, n'kutenga fosholo.

Kalabu ya anthu ovulala

Tsopano tifike pa kalabu yomwe ndikufuna mumve. Amene munakulira kuno mukudziwa Selly Oak. Pa nthawi ya nkhondo za ku Iraq ndi Afghanistan, asilikali a ku Britain ovulala kwambiri ankabwera nawo pa ndege ku Birmingham, poyamba ku chipatala cha Selly Oak, ndipo kuyambira 2010 ku Queen Elizabeth. Akachirako ankapita ku Headley Court ku Surrey kukaphunziranso kuyenda. Ife tikupita ku sukulu pa basi, anyamata a zaka zomwe ndili nazo lerozi anali m'mawodi amenewo akuphunzira kukhala opanda miyendo.

Ena mwa ovulala pa nkhondo zimenezi anayambitsa gulu lotchedwa Race2Recovery. Mwa oyambitsawo munali Tony Harris, amene anaduka mwendo umodzi bomba litaphulika ku Afghanistan, ndi Tom Neathway, amene anataya miyendo yonse iwiri ndi mkono umodzi. Sanali akatswiri a mpikisano. Anayamba ndi timipikisano ta m'nkhalango za kunoko, kuphunzira kuyendetsa, kuwerenga njira ndi kukonza injini. Kenako anati tikupita ku Dakar. Anafunanso kupeza ndalama zothandizira Tedworth House, malo osamalirako asilikali ovulala.

Pa 5 Januwale 2013 ananyamuka ku Lima, likulu la Peru, ndi galimoto zinayi za mtundu wa Wildcat, zomwe maziko ake ndi a Land Rover. Kutsogolo kwawo kunali makilomita oposa 8,000 odutsa ku Peru, Argentina ndi Chile. Kumbuyo kwawo kunali amakanika ndi oyendetsa malole onyamula zipangizo, enanso mwa iwo ovulala pa nkhondo.

Sabata yoyamba isanathe zinthu zinali zitavuta kale. Galimoto imodzi anaichotsa chifukwa sinadutse malo okwanira mwa obisika aja. Ina inawonongeka. Ina inachita ngozi. Inatsala imodzi yokha, yomwe anaipatsa dzina lakuti Joy. Woyendetsa anali Matt O'Hare, wowerenga njira anali Philip Gillespie wa ku Northern Ireland, amene anaduka mwendo ku Afghanistan.

Joy inali ndi vuto lotentha injini. Ankayenda pang'ono, n'kuima kuti izizire, ndipo mbali yaikulu ya njira ankaiyenda usiku. Taganizirani kufunafuna malo obisika pakati pa milu ya mchenga mu mdima, nyali zikungounikira mulu umene uli pamaso pako. Akafika pa msasa anzawo ena ali m'tulo, amakanika ndiye amayamba ntchito, kuti pofika nthawi yonyamukanso galimoto ikhale italira. Ambiri mwa anthu amene galimoto zawo zinali zitatuluka kale sanalongedze kubwerera kwawo. Anatsala kutumikira imodziyo.

Pa 19 Januwale Joy inalowa mu Santiago, likulu la Chile. Amene anapambana chaka chimenecho anali Stéphane Peterhansel pa galimoto ya Mini, ndipo Joy inali kutali naye kwambiri. Koma Race2Recovery inakhala gulu loyamba la anthu olumala kumaliza Dakar. Paja akuluakulu amati kuthamanga si kufika.

Zomwe sitiyenera kudumpha

Ndikanatha kumalizira pamenepo, tonse n'kuwomba m'manja. Koma pali china. Ali ku Peru, pafupi ndi tauni ya Tacna, galimoto ina ya gululi yonyamula othandiza inawombana ndi takisi pa msewu wamba. Atatu a m'gululi anavulala. Anthu awiri amene anali mu takisi anamwalira. Iwowa sanali pa mpikisano, anali pa ulendo wawo basi.

Si koyamba kuti Dakar itenge moyo wa anthu osakhudzidwa nayo. Pa zaka zomwe inkadutsa mu Africa, anthu a m'midzi ya m'mbali mwa njira, ana omwe, anagundidwapo ndi galimoto za mpikisanowu, ndipo ambiri ankaudzudzula chifukwa cha zimenezi. Mayina a madalaivala timawadziwa. A anthu a m'mbali mwa njirawo samveka. Ife amene magazi athu ndi a kumene galimoto zotere zimadutsa tikaonera mavidiyo okongola a mchenga, tizikumbukira kuti chipululu chili ndi eni ake.

Nkhani ya adadi

Zonsezi ndinawafotokozera adadi Lamlungu titabwera ku tchalitchi. Ndimayembekezera kuti anyozanso. Anangokhala chete kanthawi, kenako anati, "Anyamata otsala aja, amene galimoto zawo zinafa, akuti sanabwerere?"

"Sanabwerere, adadi."

"Eee. Amenewo ndiye anthu."

Ndiye anandiuza nkhani yomwe ndinali ndisanaimvepo. Ali mnyamata kumudzi ku Ntchisi, mlongo wawo, amene ine ndimati azakhali, anadwala matenda a kubereka usiku, mvula ikugwa. Kunabwera Land Rover ya chipatala cha mishoni. Popita inatitimira pa dambo mpaka m'mimba. Dalaivala anayesa magiya onse, matayala akungoponya matope. Adadi anathamangira ku mudzi wapafupi, komwe sankadziwako munthu ndi mmodzi yemwe, n'kuyamba kugogoda. Anthu anadzuka ndi makasu ndi zikwanje. Ena anakumba, ena anadula nthambi n'kuyala pansi pa matayala, amayi ena anakwera kumbuyo kukakhala ndi wodwalayo. Wina anayambitsa kuwerenga, onse n'kukankha pamodzi. Galimoto inatuluka, ndipo mwana anabadwira ku chipatala kukucha. Mwanayo ndi msuweni wanga amene amanditumizira mauthenga pa WhatsApp kundiseka Chichewa changa.

"Mayina awo mukuwakumbukira?" ndinafunsa.

"Kunali mdima, mwanawe. Sitinafunsane n'komwe."

Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake adadi anaseka tsiku lija. Sikuti amanyoza matope. Amawadziwa kuposa aliyense wa mu kalabu ya mnzanga uja. Kwa iwo kutitimira kunali nkhani ya moyo ndi imfa, ndiye kumva kuti mwana wawo walipira kuti akachite zomwezo Loweruka n'zoseketsa ndithu. Koma pa nkhani ya Joy anamva chinthu chomwe amachidziwa kale. Kaya ndi ku Atacama, kaya ndi pa dambo la ku Ntchisi, kaya ndi ku Shropshire, galimoto ikamira amene amaitulutsa ndi anthu amene atsika n'kudetsa zovala zawo.

Mnzanga uja akusungabe ndalama za ku Morocco, ndipo wandipempha kuti ndikakhale wowerenga njira. Sindinavomere, sindinakanenso. Amami anena kale kuti ayi. Pakadali pano ndakonza ulendo waufupi. Ku Gaydon, ku Warwickshire, kuli British Motor Museum, komwe amasunga imodzi mwa Land Rover zoyambirira za mu 1948, ya nambala HUE 166. Ndawauza adadi kuti tipite akaione. Avomera, koma aikapo lamulo limodzi: tikayende pa tala kupita ndi kubwera.

Inu ntchito yanu ya sabata ino ndi iyi. Afunseni makolo anu, mu Chichewa, kuti, "Kodi munatitimirapo ndi galimoto? Anakutulutsani ndani?" Mukhale pansi, chifukwa yankho lake silikhala lalifupi. Mukamva, mutiuze.