Mashingozi: bwanji anamwino timati mufike asanathe masiku atatu?

Amayi anzanga, mukamayendera odwala m'miphakati mumakumana ndi matuza owawa a mashingozi, katsabola wa ana, zilonda za pamilomo ngakhalenso za kumaliseche. Tizilombo toyambitsa matendawa ndi ta banja limodzi lotchedwa herpes. Mukadziwa mmene timaswanirana, mumvetsa chifukwa chake kuchedwa kuchipatala kumapweteketsa.

Kachilomboka kakalowa mu selo ya munthu, ntchito yake ndi kukopera DNA yake, yomwe ndi malangizo opangira tizilombo tatsopano. DNA ili ngati chingwe chopotedwa pawiri. Kuti ikopedwe, kachilomboka kamagwiritsa ntchito mapuloteni akeake. Pa ka zilonda za pamilomo, ofunika kwambiri alipo 7. Ina imapeza poyambira, itatu imamasula chingwecho ndi kuyala maziko, ina imagwira nkhosi zomasukazo kuti zisapotanenso. Yotchedwa polymerase imalumikiza tizidutswa ta DNA yatsopano ngati mphete za unyolo, ndipo yotsalayo imaigwiriziza kuti isasiye ntchito panjira.

Apa ndi pamene mankhwala a aciclovir amagwirira ntchito. Gertrude Elion, mayi wa ku America amene analandira mphoto ya Nobel mu 1988, anali m'gulu la akatswiri amene anaonetsa mmene amagwirira. Mankhwalawa amafanana ndi kachidutswa ka DNA, koma amakhala ogona mpaka puloteni ina ya kachilombo komweko, thymidine kinase, itawadzutsa. Polymerase imanyengedwa n'kuwalumikiza pa unyolo, koma mphete iyi ilibe pokolera inzake. Unyolo umathera pomwepo. Maselo athanzi sakhudzidwa kwenikweni.

Choncho mankhwalawa amathandiza pamene tizilombo tili mkati moswana. Wodwala mashingozi awayambe pasanathe maola 72 matuza atatuluka, makamaka ngati ali pafupi ndi diso. Musataye masiku mukupaka phulusa kapena zitsamba. Mulimbikitseninso kuyezetsa HIV, chifukwa mashingozi amakonda kubuka chitetezo cha m'thupi chikatsika.

Dziwaninso kuti kachilombo kogona m'mitsempha sikakopera DNA, ndiye mankhwala sakapeza. Kamakhala m'thupi moyo wonse, ndipo zilonda zikhoza kubweranso.

Kwa khanda, herpes amatha kupha. Mayi woyembekezera akaona zilonda kumaliseche asachite manyazi, auze mzamba kusikelo mwamsanga. Ndipo inu agogo ndi azakhali, ngati muli ndi chilonda pamlomo, musapsompsone mwana wongobadwa kumene. Sambani m'manja, mumunyamule, chilonda chipole kaye.