Jini ya BBS10 ndi matenda oononga maso ndi impso za ana ku South Africa

PRETORIA - Pafupifupi selo iliyonse ya m'thupi la munthu ili ndi kaubweya kamodzi kosaoneka ndi maso, kamene akatswiri amakatcha cilium. Kaubweyaka kamagwira ntchito ngati mlongoti wa wailesi: kamalandira mauthenga ochokera kunja kwa selo. M'diso kamathandiza maselo olandira kuwala, m'impso kamazindikira kayendedwe ka madzi, ndipo mwana akali m'mimba kamatsogolera kaumbidwe ka zala.

Kuti kaubweyaka kagwire bwino ntchito, pamafunika gulu la mapuloteni asanu ndi atatu lotchedwa BBSome, lomwe limanyamula zofunika kulowa ndi kutuluka m'menemo. Jini ya BBS10, imene inadziwika mu 2006, ndiyo imapereka malangizo opangira puloteni yothandiza kulumikiza gululi. Jiniyi ikakhala ndi vuto, gululi silikwanira ndipo mauthenga amasokonekera.

Zotsatira zake ndi matenda a Bardet-Biedl, amene Georges Bardet anawafotokoza mu 1920 ndipo Arthur Biedl mu 1922. Mwana amabadwa ndi chala choonjezera, amanenepa mopyola muyeso, amayamba kusaona usiku kenako masana omwe, ndipo impso zake zimatha kufooka.

Mu 2016, magazini ya South African Medical Journal, ya bungwe la madokotala lomwe likulu lake lili ku Pretoria, inafalitsa kafukufuku wa odwala achikuda a m'dzikoli. Pafupifupi awiri mwa atatu alionse anapezeka ndi vuto lofanana pa jini ya BBS10, chizindikiro chakuti linachokera kwa kholo limodzi lakalekale. Izi zikutanthauza kuti madokotala angayambe ndi kuyeza malo amodzi okhawo, m'malo mofufuza majini oposa 20 amene amayambitsa matendawa.

Mwana amadwala pokhapokha akatengera jini yavutoyo kwa bambo ndi mayi omwe, ngakhale onse awiri ali athanzi. Pa mimba iliyonse ya banja lotere, mpata woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi. Choncho si mlandu wa mayi, ndiponso si ufiti.

Chala choonjezera chokha sichodetsa nkhawa, pakuti ana ambiri a mu Africa amabadwa nacho ali bwinobwino. Koma chikatsagana ndi kunenepa ndi kusaona usiku, mwana ayezedwe impso ndi maso msanga. Mankhwala ochiziratu palibe, komabe impso zikayang'aniridwa moyo umatalika.